Tisanalipire nyumbayi, kodi tiitane katswiri adzaone denga?

"Ine ndi amuna anga tapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Chimwankhunda mu mzinda wa Blantyre, ndipo banki yavomera kutipatsa ngongole. Eni ake akuti inamangidwa cha m'ma 1990, kenako anawonjezera khitchini ndi chipinda chimodzi kumbuyo. Denga ndi la malata, alipenta kumene, siling'i nayonso ndi yoyera kuti mbee. Koma pakona ya chipinda chowonjezeracho siling'i yatsika pang'ono ngati mimba. Eni ake akuti n'zakale, anakonza. Amuna anga akuti munthu wa kubanki anabwera kale kudzaiyendera, ndiye kuitananso wina n'kutaya ndalama. Pano ndi Seputembala, mvula kulibe yoti itiuze zoona. Nditani?" Mayi wa ku Blantyre

Mayi, mtima m'malo. Siling'i yotsika pakona imodzi si chifukwa chothawira nyumba yomwe mwaikonda. Nthawi zambiri gwero lake limakhala laling'ono, misomali ingapo yomwe yasukusika kapena malo amodzi omwe mmisiri anamata mwaulesi, ndipo ntchito yake ndi ya tsiku limodzi. Komabe maso anu aona bwino. Penti yatsopano padenga ndi kusiling'i, m'chilimwe, pa nyumba yomwe ili pamsika, sinena chilichonse za mmene dengalo lilili. Mwina eni ake angofuna nyumba ioneke bwino, mwinanso ndi chikomekome cha mkuyu. Mukaima pabalaza n'kuyang'ana m'mwamba simungadziwe kuti ndi ziti mwa ziwirizi. Denga limaweruzidwa munthu atalowa m'siling'i ndi tochi, ndipo zimenezi zichitike musanasaine pepala lililonse.

Bambo akunyumba akunena zoona kuti munthu wa kubanki anabwera, koma iye anabwerera zina. Ntchito yake ndi kuuza banki kuti nyumbayo ingagulidwe ndalama zingati inu mutalephera kubweza ngongole. Amaona dera, kukula kwa puloti ndi nyumba, zomangira, mapepala, ndi mitengo ya nyumba zina zofanana nayo. Za denga amalemba zomwe zikuoneka ali pansi. Kawirikawiri salowa m'siling'i, ndipo dengalo likadzayamba kuthonya mu Januwale, banki idzafunabe ndalama yake ya pamwezi yathunthu. Inshuwalansi yomwe banki idzakuuzani kuti mudule nayonso imalipira zinthu zadzidzidzi monga moto kapena mphepo yamkuntho. Dzimbiri, chiswe ndi kutha kwa zinthu chifukwa cha ukalamba, makampani ambiri a inshuwalansi salipira.

Woti mumuitane ndani? Pa nyumba wamba ya malata ngati iyi, kalipentala yemwe wakhala zaka zambiri akukhoma madenga ndi wokwanira poyambira, makamaka ngati ali ndi satifiketi ya TEVETA kapena ya trade test ndipo angakulozereni nyumba zomwe anafolera zaka zisanu zapitazo, osati za mwezi watha. Akapeza kuti denga lapindika, matabwa akuluakulu adulidwa kapena khoma lang'ambika pansi pa denga, pamenepo pafunika injiniya wa zomangamanga wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution. Asakhale mmisiri wa eni nyumba, asakhalenso wobwera ndi ejenti yemwe akudikira komishoni yake. Mumulipire ya kuyendera yokha, ndipo mumuuziretu kuti ntchito yokonza, ikapezeka, mudzafunsanso mitengo kwa ena. Munthu yemwe akuyembekezera kupatsidwa ntchito yofolera amaona denga lililonse ngati lotha. Pemphani chilolezo kwa eni nyumba kuti mutsegule kachitseko ka m'siling'i. Ngati kalibe, mugwirizane kuti muchotse bolodi imodzi ndipo mudzaibwezeretsa ndi ndalama zanu. Akakana zonse ziwiri popanda chifukwa chomveka, kukanako mukuwerengere.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba n'kukwera. Amaima patali, kutsidya kwa msewu ngati n'kotheka, n'kuyang'ana mzere wa pamsonga pa denga. Uyenera kukhala wowongoka. Ukakhala ndi chishalo pakati, kapena mbali imodzi ya denga italowa m'kati ngati mbale, ndiye kuti matabwa a pansi pake afooka, atalikirana kwambiri, kapena anakhomedwa ali aawisi. Kenako amazungulira nyumba akuona fesha bodi, thabwa la m'mphepete mwa denga, ngati yawola, mizere yakuda kapena yobiriwira yotsika pakhoma, ndi m'munsi mwa khoma momwe madzi a padenga amagwera. Madzi amenewa si ochepa. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa denga la masikweya mita 120 imatsitsa malita 6,000, omwe ndi migolo 30 ya malita 200. Ngati palibe magata kapena simenti yozungulira nyumba yotayira madziwo kutali, onsewo amathera pa maziko.

Tsopano m'siling'i, momwe muli nkhani yonse. Alowemo m'mawa, chifukwa masana a Seputembala ndi Okutobala m'menemo mumatentha moti munthu angakomoke. Magetsi azimitsidwe pa main switch, popeza nyumba zambiri zowonjezeredwa zimakhala ndi mawaya olumikizidwa ndi tepi ali pamtunda, ena atadyedwa ndi makoswe. Apondenso pa matabwa a mathirasi okha, omwe ndi matabwa akuluakulu onyamula denga, osati pa bolodi kapena timatabwa tokhomerapo siling'i.

Akalowa, choyamba azimitse tochi n'kudikira maso azolowere mdima. Bowo lililonse pa lata limaoneka ngati nyenyezi. Tinyenyezi tiwiri kapena titatu si vuto lalikulu. Koma mukamva kuti mabowo ali m'mizere yonse, kawirikawiri ndiye kuti malatawo anachotsedwa pa nyumba ina n'kukhomedwanso, ndipo mabowo akale anangomatidwa phula. Akayatsa tochi aone kunsi kwa malata, komwe wopenta safika. Lata labwino kunsi kwake limakhala lotuwa. Lomwe likutha limaonetsa dzimbiri lofiirira, makamaka molumikizana malata awiri, chifukwa m'menemo madzi ndi fumbi zimakhalitsa. Aonenso misomali yomwe inaphonya thabwa n'kutulukira pambali. Msomali wotero sugwira kanthu, ndipo uliwonse ndi njira ya madzi.

Matabwa amasunga mbiri ya madzi kuposa siling'i. Pomwe padadutsa madzi pamatsala mzere wakuda kapena woyererako, ndipo kumtunda kwa bolodi ya siling'i kumakhala mabwalo a madontho ngakhale kunsi kwake kutapentedwa katatu. Ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi aike pa thabwa: likapitirira 20 peresenti m'chilimwe chino, pali madzi omwe akuchokera kwina osati kumvula, mwina paipi kapena giza, thanki yotenthetsera madzi. Ngati alibe, sikuludiraiva ndi hamala zikwanira. Thabwa lamoyo likagogodedwa limalira kuti ngwee, ndipo sikuludiraiva silowa. Lodyedwa limalira ngati ng'oma ndipo chitsulo chimalowa ngati mu chinangwa chophika.

Chiswe ndiye mdani wamkulu wa madenga athu, ndipo chimanyenga chifukwa chimadya m'kati n'kusiya khungu la thabwa lili bwinobwino. Chimachokera pansi, chimakwera m'ming'alu ya khoma kapena kuseri kwa pulasitala, n'kufikira pa thabwa logona pamwamba pa khoma lomwe mathirasi amakhalapo. Choncho tochi iyende m'mbali monse momwe denga lakumana ndi khoma, kufunafuna tinjira ta dothi. Paini wosathiridwa mankhwala, ngati uja wambiri wochokera ku Chikangawa, chiswe chimamukonda kwambiri. Matabwa olowetsedwa mankhwala ndi makina amaoneka obiriwirako ndipo amalimba. Opakidwa mankhwala a solignum ndi bulashi, kapena oilo wakutha wa galimoto monga ambiri amachitira, amatetezeka pamwamba pokha, ndipo pomwe anadulidwa ndi sowo pamakhala poyera. Palinso tizilombo toboola matabwa: mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wosalala utaunjikana pansi pake, tidakali m'kati. Bulugamu yemwe anakhomedwa ali wamuwisi ali ndi vuto lakelake: akamauma amapotoka n'kung'ambika pomwe pali misomali, n'kukoka malata.

Kenako aone kamangidwe ka mathirasi. Pa denga la malata, mathirasi amatalikirana pafupifupi mita 1.2, ndipo mitanda yokhomerapo malata, ya mainchesi 2x3, imatalikirana pakati pa masentimita 90 ndi mita 1.2 malingana ndi kukhuthala kwa lata. Womanga akafuna kupulumutsa matabwa amatalikitsa mipatayi, ndipo zotsatira zake ndi chishalo chija. Aone polumikizira: thabwa lalitali lolumikizidwa pakati penipeni ndi misomali iwiri, popanda timatabwa tomangira mbali zonse, ndi pofooka. Choopsa kwambiri ndi thirasi lomwe pulambala kapena wamagetsi anadulako thabwa kuti alowetse thanki kapena giza. Giza ya malita 150 ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 150, ndipo imayenera kukhala pamwamba pa khoma kapena pa matabwa owonjezera, ili ndi thireyi pansi pake yokhala ndi paipi yotulutsira madzi kunja.

Chinthu china chomwe ogula ambiri sachiganizira n'komwe ndi chomangirira denga ku khoma. Denga la malata ndi lopepuka, makilogalamu 4 kapena 5 pa sikweya mita, ndiye mphepo siikankha denga pansi koma imalinyamula. N'chifukwa chake mvula yoyamba ya Okutobala ndi Novembala, ija yobwera ndi chimphepo, imasasula madenga athunthu pamodzi ndi matabwa ake n'kukawatula kwa aneba. Thirasi lililonse liyenera kumangidwa ndi waya wokhuthala wopindidwa pawiri kapena lamba wachitsulo yemwe anakwiriridwa m'khoma pafupifupi masentimita 60, kapena mu ring beam, konkire yozungulira pamwamba pa khoma. Za m'khomazo sizioneka, koma pamwamba mmisiri angathe kuona ngati wayayo alipo pa thirasi lililonse, ngati wazungulira thabwa n'kukhomeredwa, ndiponso ngati sanadyeke ndi dzimbiri. Mathirasi ongokhomeredwa ndi misomali pa thabwa lomwe nalonso langogona pa njerwa ndi ofunika kukonza mvula isanayambe.

Tibwere pakona yanu ija. Mwanena kuti ili m'chipinda chowonjezera, ndipo ine ndikadabetcha kuti vuto lili polumikizana denga lakale ndi latsopano. Zowonjezera kumbuyo kawirikawiri zimafoleredwa ndi denga lotsetsereka mbali imodzi, loyambira pansi pa denga lakale. Kuti chipinda chisafupike kwambiri kumapeto, mmisiri amaligoneka dengalo mpaka kutsala pang'ono kukhala lathyathyathya. Malata wamba a mizere amafuna kutsetsereka kosachepera madigiri 10, kutanthauza kutsika masentimita pafupifupi 18 pa mita iliyonse. Malata a IBR, aja a mizere yamakona, amapirira mpaka madigiri 5, masentimita 9 pa mita. Izi mungayeze ndi levulo ndi tepi. Denga likagona kupitirira apa, madzi amayenda pang'onopang'ono, mphepo imawakankhira m'mbuyo, n'kulowa molumikizana malata. Onjezani kuti madzi onse a mbali imodzi ya denga lakale amagwera pa denga logonalo.

Ndiye ayeze kulowererana kwa malata. Lakumtunda liyenera kuphimba lakumunsi masentimita osachepera 15, ndipo pa denga logona pafunika 25 kapena 30. M'mbali, malata a mizere amalowererana mzere umodzi ndi theka. Wofuna kupulumutsa lata limodzi kapena awiri amalowetsa mzere umodzi wokha. Pomwe lata lagunda khoma payenera kukhala fulashing'i, lata lopindidwa lomwe mbali imodzi yalowetsedwa mu mzere wosemedwa m'khoma ndipo ina yagona pamwamba pa malata. Amisiri ambiri m'malo mwake amangomata simenti. Simenti ndi lata sizigwirizana, chifukwa lata limafutukuka masana n'kubwerera usiku pomwe simenti ili chiimire, ndiye pakatha mvula imodzi kapena ziwiri pamang'ambika kamzere kopyapyala. Ngati "tinakonza" wa eni nyumba akutanthauza simenti ina pamwamba pa yakale, kapena phula, dziwani kuti pathonyanso.

Musadabwe mmisiri akakafufuza kutali ndi pomwe siling'i yatsika. Madzi akalowa amatsata kunsi kwa lata kapena thabwa mamita awiri kapena atatu asanagwe. Ndiponso si siling'i yotsika iliyonse yomwe yatsitsidwa ndi mvula. Timatabwa tokhomerapo tikatalikirana, bolodi imalendewera yokha. Paipi ya madzi ingathe kumadontha. Mileme ikakhazikika, ndowe zake zimaunjikana n'kulemera, ndipo fungo lake mudzalimva kachitseko kakangotsegulidwa. Mu Juni ndi Julayi malata amachita thukuta kunsi usiku wozizira, makamaka pamwamba pa khitchini ndi bafa, n'kusiya timadontho tomwazikana m'mizere ya mitanda.

Popeza mvula kulibe, ipangeni nokha. Tsiku lomwe mpopi ukutuluka bwino, munthu mmodzi akhale m'siling'i ndi tochi, wina padenga ndi paipi ya madzi. Ayambire kumunsi, athire malo amodzi mphindi 10 kapena 15, kenako akwere pang'ono, mpaka kufika pa fulashing'i ndi pamsonga. Mukayambira kumtunda madzi anyowetsa ponse ndipo simudziwa pomwe alowera. Njirayi siifanana ndi mvula ya mphepo, koma mabowo ambiri imawaulula.

Pamwamba pa denga, aponde motsata mizere ya misomali, pomwe pansi pali thabwa, atavala nsapato zofewa, ndipo asamale waya wa magetsi wolowa m'nyumba. Misomali ya malata a mizere imakhomedwa pamwamba pa mzere, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi. Aone yomwe yadzuka, ndi timphira take ngati tauma n'kung'ambika ndi dzuwa. Kuikhomereranso kumangothandiza miyezi yochepa chifukwa bowo la m'thabwa lakula kale. Chokhalitsa ndi kuizula n'kuikamo masikuluu aatali okhala ndi mphira. Akande penti pang'ono m'malo awiri kapena atatu: ngati pansi pake pali dzimbiri losapalidwa, pentiyo iyamba kusupuka posachedwa. Afufuzenso geji ya malata. Nambala ikamakula lata limapyapyala, choncho geji 28 ndi yokhuthala kuposa 30 ndi 32. Lata la geji 32 lomwe latha zaka 30 musaliwerengere zaka zambiri kutsogoloku, ngakhale liwale bwanji. Pomaliza aone pomwe pakumana mbali ziwiri za denga n'kupanga ngalande, chifukwa m'menemo mumaunjikana masamba a mango ndi mapeyala n'kuwoletsa lata, komanso pomwe anaboola poika dishi ya TV, sola kapena paipi.

Mwina nyumba iyi siitheka ndipo mukaona ina, ndiye ndinenepo za mitundu ina mwachidule. Nyumba zamakono zobisa denga kuseri kwa khoma zimaoneka bwino, koma madzi onse amadalira gata ya m'kati ndi mapaipi ochepa. Tsamba limodzi ndi jumbo zikatseka paipi, gata imasefukira m'nyumba. Pa nyumba yotero funsani ngati pali bowo lachiwiri lotayira madzi kunja gata ikadzaza. Matayilosi a simenti amalemera makilogalamu 45 mpaka 50 pa sikweya mita, kuchulukitsa kakhumi kulemera kwa malata, choncho nyumba yomwe inali ya malata n'kusinthidwa kukhala ya matayilosi pa mathirasi omwewo ikufunika injiniya. Nyumba zakale zambiri, kuphatikizapo zina za boma ndi za Malawi Housing Corporation, zili ndi denga la asibesitosi. Losasweka ndi losakhudzidwa silivuta kwenikweni, koma osalipala, osaliboola, osalidula ndi grinder, chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa zomwe zimaonekera patatha zaka 20 kapena kuposerapo. Lokalamba limathyoka munthu akaliponda, ndiye osakwerapo popanda matabwa oyala.

Musaiwale anthu. Ngati m'nyumbamo munali anthu ochita lendi, afunseni pomwe ankatchera mabeseni. Aneba angakuuzeni ngati dengalo linasasukapo, makamaka nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nyumba zambiri za ku Blantyre zinakonzedwa mothamanga nthawi imeneyo, ndi zipangizo zomwe zinapezeka.

Mmisiri asakuuzeni pakamwa pokha kuti "lili bwino" kapena "latha". Alembe, ngakhale pa pepala la m'kope, ndipo ajambule ndi foni chilichonse chomwe wapeza. Zolembazo azigawe: zofunika kukonza mvula isanagwe, zomwe zingadikire chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi zongokongoletsa. Alembenso malo omwe sanathe kufikako. Mukatero funsani mitengo kwa amisiri awiri, zipangizo pazokha ndi ntchito payokha, n'kupita nayo kwa eni nyumba. Ine ndimalangiza kuti mutsitse mtengo wa nyumba n'kukonza nokha, kusiyana n'kulola wogulitsa akonze, chifukwa munthu yemwe akutuluka m'nyumba amasankha njira yotchipa. Mapangano ambiri ogulitsa nyumba amalembedwa kuti mwaigula momwe ilili, ndiye chilichonse chomwe mwagwirizana chokhudza denga, loya wanu achilembe m'panganolo. Mungapemphenso kuti gawo lina la ndalama lisungidwe kwa loya mpaka mvula yoyamba itagwa. Ena amakana, koma kupempha sikulakwa.

Zikapezeka kuti ndi fulashing'i, misomali, malata ochepa ndi bolodi imodzi ya siling'i, gulani nyumbayo ndipo mukonze mu Okutobala. Zikapezeka kuti denga la chowonjezera ndi logona kwambiri, werengerani zolikweza kapena kulifolera ndi IBR yaitali yopanda polumikiza. Koma ngati chiswe chalowa m'mathirasi angapo, msonga wapindika, kapena khoma lang'ambika ndipo likukankhidwira kunja pansi pa denga, imani kaye mpaka injiniya aone, chifukwa pamenepo mukukamba zosasula denga lonse, ndipo banja liyenera kukhala kwina ntchitoyo ili m'kati. Mtengo wa nyumba utsike molingana ndi zimenezo, apo ayi funani ina.

Tsiku loyenderalo mupiteko nokha pamodzi ndi bambo. Simukuyenera kukwera, koma imani pansi pa kachitseko ka siling'i, mumupatse mmisiri foni yanu, ndipo chithunzi choyamba chomwe mumupemphe chikhale cha kumtunda kwa bolodi yotsika ija ndi thabwa lomwe lili pamwamba pake.